Njinga Yanga Sinabedwe

Kawale, Lilongwe
Lachiwiri m'mawa

Kwa mwana wanga Mayamiko,

Landira moni kuchokera kuno kwa mlongo wako. Kaya mukudzuka bwanji kumeneko, iwe ndi apongozi anga a Rosemary ndi ana? Chifuwa cha wamng'ono uja chinaleka? Ine ndilipo. Madokotala akuti ng'ala ya diso lamanzere adzaichotsa mwezi wamawa, ndiye ndingokhala pakhonde kumvera phokoso la magalimoto. Kuno kwayamba kale kuzizira, si ngati kwathu.

Akulemba ndi mlongo wakoyu Eveles, koma mawu ndi anga. Ndamuuza kuti asakometse kalikonse, ndipo mzere uliwonse akundiwerengera. Ndasankha kalata chifukwa pafoni umadula munthu asanamalize.

Nkhani ndi ya njinga yanga yakuda. Loweruka Layla, mkazi wa Ramadhani wogulitsa usipa uja, anaimbira Eveles akulira. Anati pakati pa sabata yathayi unajambula mwamuna wake pamsika wa paboma ali ndi njingayo, n'kuika chithunzicho pagulu lanu la akabaza la pa Watsapu, pansi pake n'kulembapo kuti ameneyu ndi mbava. Tsiku lomwelo amuna a pasiteji anamugwira, kumung'ambira malaya, kumutayira usipa m'fumbi. Akadapanda amayi a matimati kumutchinga, bwenzi pano tikukamba zamaliro. Njinga munamulanda. Kuyambira pamenepo satuluka m'nyumba, ngakhale pa Ijumaa sanapite kumzikiti kukaswali.

Tamvera tsono. Njinga imeneyo sinabedwe. Ndinamubwereka ndine, ndi manja angawa. M'mawa umene ndinkanyamuka kubwera kuno, iwe unali utapita kale ndi kasitomala. Ramadhani anafika akukankha yake, foloko itathyoka, kuti ndimuonere. Inali yofunika kuwotcherera, ndipo maso anga sangathenso zimenezo. Ndinatulutsa yanga, iye anandinyamula pa kaliyala mpaka kudepoti, ndipo pomwepo ndinamuuza kuti aziyendera kufikira ndidzabwere.

Sindinakuuze. Pamenepa wolakwa ndine, ndipo Eveles alembe choncho. Ndinkati njinga ndi yanga, sindingapemphe chilolezo kwa mwana wobereka ndekha. Komanso mtima unali usanatsike ndi mawu ako aja akuti yangotsala kukagulitsidwa kwa a zitsulo zakutha.

Ndikudziwa chimene chinakuletsa kumukhulupirira pamene ankakuuza kuti ndinamubwereka. Zaka makumi atatu sindinalole munthu kukhala pa chishalo chimenecho. Ngakhale iwe, chaka chija unkafuna kuyambira nayo kabaza, ndinakukaniza. Ngati chimenechi ndicho chikukubaya, udzandifunse ine pamaso, ndidzakuyankha. Ramadhani alibe nawo gawo mlandu umenewo.

Ndamvanso kuti a Anderson, amene anayamba kabaza iwe ukadali kusukulu, analemba pagulupo kuti muyambe mwafunsa ine musanagwire munthu. Ena anawaseka kuti akuikira kumbuyo mbava, ndipo iwe, poti ndiwe woyang'anira gululo, unawachotsa. Nambala ya Eveles uli nayo. Chinavuta n'chiyani? Munthu wokuuza kuti funsa kaye si mdani wako.

Lamulungu Eveles atakufotokozera zonsezi, akuti unangofufuta chithunzicho n'kunena kuti nkhani yatha. Sinathe. Dzulo mlamu wako wachilandira pafoni yake, chachokera ku gulu lina la akabaza a kuno ku Kawale. Wandiwerengera zimene anthu alemba m'munsi mwake, ndipo ena akutchula matayala ndi petulo. Anthu amenewa Ramadhani sanamuonepo, koma nkhope yake ali nayo m'thumba. Ine ndakonza njinga pansi pa mtengo wa mango moyo wanga wonse. Kuzula munga patayala si kumata chubu. Wazula munga, bowo walisiya, mpweya ukutulukabe.

Mafoni anuwa ine sindiwadziwa, koma ndikudziwa kuti m'masiku athu ukamutchula munthu wakuba pamsika, unkabwerera pamsika pomwepo kukamuyeretsa, anthu omwewo akumva. Sunkatuma munthu, ndiponso sunkanong'ona. Gulu lanulo ndiye msika wanu.

Pempho langa ndi limodzi. Tenga njingayo, uikankhe ndi manja ako mpaka kunyumba kwa Ramadhani masana anthu akuona. Usapite ndi anzako a pasiteji, ungakamuopseze. Pita ndi a Anderson, utayamba wawabwezera pagulu. Mukajambulitse nonse atatu, njinga ili pakati, dzanja la Ramadhani lili pa handulo. Kenako ulankhule pagulupo ndi pakamwa pako, osati kulemba, kuti amene sadziwa kuwerenga amve nawonso. Utchule dzina lako, utchule lake, unene kuti sanabe ndipo unalakwa ndiwe. Usanene kuti panali kusamvana. Panalibe kusamvana, panali bodza. Upemphe aliyense amene anatumiza chithunzi chija kwina kuti atumizenso mawu akowo komweko. Njinga ikhale kwa iye monga ndinanenera.

Mwina ukuopa kuti anzako akuseka n'kukuchotsa pa udindo. Angathe kutero. Koma kusekedwa kumatha sabata imodzi. Munthu uja akadzamugwira ku Senga Bay kapena pamsewu wa Maganga, kumene kulibe womudziwa, magazi ake adzakhala pakhomo pathu, pa iwe ndi pa ine.

Ndikuuziretu kuti usadzadabwe. Dzulo ndalankhula pafoni ya Eveles, mawu anga awajambula. Ndanena za foloko, za kudepoti, ndi zoti sindinauze mwana wanga. A Anderson avomera kuwapereka kwa mnzawo amene akadali pagulupo. Ndawaletsa kaye. Sindikufuna kuti amuna anzako amve bambo akuwongola mwana wake wa ndevu pagulu, iye ali chete. Ndikudikira mpaka Lachisanu m'mawa, nthawi yoswali isanakwane, chifukwa ndikufuna Ramadhani akayende pamsewu tsiku limenelo mutu uli m'mwamba. Mawu anga adzatuluka ndithu tsiku limenelo. Chimene chili m'manja mwako n'chakuti adzapeze ako atafika kale.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, kwa adzukulu anga onse, kwa azakhali ako ku Maganga ndi kwa amalume ako kunyanja. Kwa Ramadhani ndi Layla usapereke moni wanga uli chiimire. Ukakhale pansi.

Ndine bambo ako,
Luka Mkwapatira