Mayina a Mafumu Andithawa

Okondedwa achemwali a Sieni,

Ndikhulupirira mwadzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga miyendo ya bambo yaphwa? Kuno ku Amereka chisanu chafika polowa m'mafupa, koma tilipo.

Ndamva kuti munaonera masewero athu aja a mpira wogundana wa kuno pa TV ya kwa abusa. Munandiona ndikuboola mzere wa adani n'kugwetsa woponya mpira wawo. Chimene simunaone n'chakuti nditadzuka ndinakaima kumbali ya timu ya adaniwo. Anzanga anafa nacho chiseko, ati Lafaele wakhuta mpaka kuiwala kwawo. Dokotala atandifunsa ndinayang'ana pansi n'kunena kuti ndili bwino, monga anatilerera ku Samoa, kuti mwana sadandaula pamaso pa akulu. Zaka zisanu ndi zinayi ndakhala ndikugundana mitu ndi zimphona zinzanga, yankho langa lili lomwelo.

Lachitatu mwana wanga Lupe anandipempha kuti ndimuphunzitse mayina aulemu a mafumu a m'mudzi mwathu, aja bambo ankatiloweza tikupala kokonati. Ndinatchula atatu. Dzina lachinayi silinabwere. Mwanayo anadikira, kenako anati ndisadandaule, tidzayesanso mawa. Achemwali, ndinakalirira kubafa.

Dokotala wina wandijambula mutu. Wanena mosapsatira kuti ndikaonjezera chaka china pa mpirawu ndidzayamba kufunsa dzina la Lupe. Mpira ndasiya, ndipo timu ndaiuza dzulo.

Ndikudziwa kuti mu Juni mukundiyembekezera kudzalandira udindo wa matai, woti ndizilankhulira banja lathu pabwalo. Mikeka yamwambo mwayamba kale kusonkhanitsa. Koma munthu wosatha kulonjera mafumu motsata ndondomeko angachititse bambo manyazi pamaso pa mudzi wonse. Ichi n'chimene chikundiopsa, osati za mpira.

Pempho langa ndi limodzi. Ine ndikangomva mawu a bambo pafoni ndimati ndili bwino. Inu ndinu mlongo wanga, ndipo mawu anu sagwa pansi pakhomo pathu. Muwauze zonse, koma muyembekeze adye kaye. Akafuna kupereka udindowo kwa msuweni wathu Uelese, sinditsutsa. Ngati angandilolebe, muwapemphe adzandikhazikenso pambali pawo ndi chopalira kokonati, tiyambirenso dzina loyamba.

Mundiperekere moni kwa azakhali a Fuatino, amalume, alamu ndi adzukulu onse a bambo. Ngati pali amene ndamudumpha, mumuuze kuti si mwano.

Ndine mlongo wanu,
Lafaele