Ndaimika Kabaza Chifukwa cha Bondo

Ntaja, Lolemba

Achimwene,

Loweruka ndinavulala bondo ku mpira. Kaya inu muli bwanji ku Joniko? Kuno amayi, alamu anu ndi khanda ali bwino.

Nditagwa, anzanga anayamba kundikoka mwendo monga timachitira. Anamwino a timu ya ku Balaka yomwe tinkasewera nayo anathamangira pomwepo: "Iyayi, musiyeni! Mukuyesa chingwe cha pachitsime?" Akuti anaphunzitsidwa ndi bungwe la kunja la madokotala a zamasewera. Anandimanga bandeji, nati ndisapalase njinga mwezi wathunthu, apo ayi bondo litheratu.

Kabaza ndaimika, koma khanda silidikira mwezi. Chonde lolani njinga yanuyi ndimubwereke mlamu wanga Yusufu, tizigawana zapatsiku. Mukakana, ndikwera ndekha ndi bandeji yomweyi.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Saidi