Nsapato Zopanda Zingwe pa Phiri la Nsanja

Okondedwa Alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana. Ife tinafika bwino, ndipo mwana wathu namwino uja akutisamala ngati mazira.

Loweruka anatitengera ku nsanja yakale ya pamwamba pa phiri, ija ili pa kalendala ya pabalaza panu. Anthu anali pikitipikiti, aliyense foni m'mwamba. Pali kagalimoto kokweza anthu, koma achimwene anu mukuwadziwa: "Ine ndikwere chimenecho ngati nkhalamba?" Basi tinayamba masitepe, mazana atatu.

Anaima kanayi. Ulendo uliwonse ankati akumanga zingwe za nsapato, chonsecho anavala zija munawagulira inu, zopanda zingwe. Ine ndinkangoyang'ana kumbali.

Pamwambapo mzinda wonse umaoneka, mpaka njanji ndi bwalo la ndege, koma mphepo yake ndi yodula makutu. Iwo anafikira pa benchi, milomo itatuwa. Mwana anawagwira pamkono ngati akusirira wotchi yawo, koma ndinamuona akuwerenga chamumtima. Potsika tinakwera kagalimoto kaja, ndipo sanatsutse.

Lolemba akuti atitengere kuntchito kwake, "adadi akangoona komwe ndimagwira." Wawauzanso kuti asadye kanthu m'mawa.

Tsiku lobwerera mwina lisintha pang'ono, ndidzakuuzani. Nkhuku zija pitirizani kutionera. Amayi muwaonetse chithunzi ndaikamochi, mwana wawo akuseka bwino pamenepo. Akafunsa chifukwa chake wakhala pansi, muwauze kuti ankamanga nsapato.

Ndine mlamu wanu,
Amake namwino