Botolo la pa Kachisi ku Bangkok

Achimwene,

Inu okhala konko, munalekeranji kutichenjeza? Ife kuno ku Chipoka tili bwino, koma Amayi ayi.

Tsiku lomaliza la ulendo wathu wa ku Bangkok tinayenda wapansi dzuwa likuswa mtengo, popewa matakisi. Pakhomo pa nyumba yotchipa munatipezera ija, Amayi anaona botolo la chakumwa chofiira pa kanyumba kamaluwa, lotsegula kale. Anayesa la alendo, n'kumwa. Mlonda anagwira m'mutu. Kanyumbako kanali kachisi wa mizimu, ndipo chakumwacho chinali nsembe yawo.

Chibwerereni, masana aliwonse amathira madzi m'makapu awiri. Ndikafunsa amati, “Mwiniwake uja wamva ludzu.” Dzulo kapu yachiwiri ndinaipeza youma, Amayi ali kumunda.

Mulungu akusungeni, koma musandiyankhe zakusukulu. Pitani lero mukafunse eni nyumbayo mapepesedwe ake.

Mlongo wanu,
Nambewe