Mphiri pa mulu wa nsawa

Mwami, Fort Jameson

Okondedwa akulu anga a Felesiya,

Ndikupatsani moni pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Nkana. Kuno tili bwino, chifuwa cha amayi chinapola.

Mukudziwa mmene ndimaopera njoka, ngakhale luzi panjira ndimalidumpha. Loweruka tinali pa dima kwa amalume, kuthothola nsawa. Anabweranso a Yohane amene anandipatsa chikole aja. Nditanyamula mulu wina, ndinawaona akusenzetsa dengu Esinati, mwana wa aphunzitsi. Dengu linakhazikika pamutu, koma dzanja lawo silinachoke paphewa pake, ndipo ankaseka.

Mwadzidzidzi anthu anabalalika akukuwa. Ine ndinangoima, maso ali pa awiriwo. Pansi pa mulu uja panali mphiri, pafupi ndi chala changa cha kuphazi. Amalume ataipha anati, “Iwe Tereza, mtima wachimuna unautenga kuti? Ukanasuntha phazi ikanakuluma!” Tsopano mudzi wonse ukunditama. Sindinawauze kuti njokayo sindinaione n’komwe.

Esinati ndiye anakuwa koposa, ndipo a Yohane anamperekeza kwawo kuti mtima wake ukhale pansi. Kwa ine anangoti, “Inu ndinu olimba, muyenda nokha.”

Chonde lemberani amalume kuti afulumize ankhoswe, ine pakamwa pamandilemera. Munditumizirenso duku lofiira, loposa la Esinati. Mphiri inafa, koma dzanja lija ndikuliona mpaka lero.

Ambuye akusungeni nonse.

Ndine mng’ono wanu,
Tereza