Mpata Wanga Woyankhula

4 Febuluwale 1878, Üsküdar

Chisanu cholowa m'mafupa. Othawa nkhondo ali mbwee m'mizikiti. Mkazi wa Haydar wabweranso pachipata. Haydar wopalasa bwato uja: zaka khumi ndi zisanu kundende, ati anamiza munthu m'madzi dala. Mboni ziwiri zogulidwa m'nyumba ya khofi kuseri kwa khoti, ndani sazidziwa? Ndinali loya wake mpaka tsiku limene anandiveka mkanjo wa useneta. Seneta saima m'khoti. Ndamuuza mayiyo adikire, ndikonza lamulo lenilenilo la mboni, mwamuna wake atuluka. Iye: "A Vasfi Efendi, lamulo silitsokomola. Mwamuna wanga akutsokomola magazi."

11 Febuluwale

Tsiku langa loyankhula m'nyumba ya malamulo. Mapepala asanu ndi awiri a lamulo la mboni lija m'thumba. Nditangoimirira, a Rifki Pasha, a zaka makumi asanu ndi atatu, nawonso dzambatu ndi ndodo yawo. Mwana angayankhule wamkulu ali chiimire? Dzanja pachifuwa, ndinakhala pansi. Maola awiri athunthu akukamba za mabatani a mikanjo yathu, akhale agolide kapena asiliva. Atatu anagona. Ine ndidzayankhula Lachinayi, watero mlembi. Potuluka a Rifki Pasha anandisisita tsaya: "Uyu ndiye analeredwa." Ndipo ndinakondwa. Chitsiru ine, ndinakondwa.

14 Febuluwale, Lachinayi

Chitseko chokhoma, asilikali awiri. Nyumba ya malamulo yatsekedwa, ati kwa kanthawi. Useneta ndi wathube mpaka imfa, malipiro omwe. Koyankhulira kokha kulibe, kukhoti nako sindingabwerere. Mihriban, mkazi wanga: "Tulani pansi udindowo, bambo, mukamutulutse munthuyo." Mphatso ya mfumu amabweza? Obweza amathamangitsidwa, kukaothera dzuwa ku Yemen. Ndine wamantha. Ndilembe muno poti palibe adzawerenge.

9 Novembala 1881

Kanthawi kaja ndi kano. Mkanjo ndauyanika, njenjete zayamba kudya kolala. Mapepala aja ndawakonzanso, tsopano akumveka bwino kwambiri. Womva wake mphaka. Mkazi wa Haydar analeka kubwera. Ndikamuona pamsika wa nsomba ndimakhota, ngati wakuba ndine.

2 Malichi 1884

Haydar wamwalira dzulo, kundende komweko. Ndinapita kumaliro, ndinaima mzere wakumbuyo. Titaswali, shehe anafunsa monga mwa mwambo: "Munkamudziwa bwanji malemuyu?" Onse pamodzi, opalasa bwato, ogulitsa nsomba: "Anali munthu wabwino!" Ine pakamwa gwa, ine amene ndinkadziwa koposa onse kuti sanaphe munthu. Tahsin, mchimwene wake wa Haydar, anatembenuka, osakalipa n'komwe: "Yankhulanitu, a Efendi. Lero palibe wamkulu waimirira."

Mapepala anali m'thumba, monga masiku onse. Ndinapisa dzanja, ndinakonza pakhosi. Pamene ndinkadzutsa maso, maliro anali ali kale pamapewa, akutuluka pachipata.