Vanishi wa Compton Wakana Kuuma

Lolemba, 2 Disembala

Foni ya Onika m'mawa. Akubwera pa 24, iye ndi Kezia. Zaka zisanu ndi zinayi mwana wanga ali ku Toronto. Mdzukulu wanga, wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndimangomudziwira pagalasi la foni. Ndinakhala pamasitepe ndi chimwemwe.

Kenaka mawu aja. "Mami, musavutike, tapeza kale malo kuhotela ku Georgetown. Kezia sanazolowere udzudzu, komanso nyumbayo ndikuidziwa mmene ilili."

Mmene ilili! Nyumba yomwe anabadwiramo. Ndinangoti chabwino, mwanangu. Nditaika foni ndinatsuka mbale zotsukatsuka kale. Zandipweteka, sindibisa.

Ndalumbira. Mwana wanga ndi mwana wake agona pansi pa denga lino, zivute zitani.

Lachitatu, 4 Disembala

Ndayendera nyumba yonse ndi maso a mlendo. Penti wa pabalaza akusendeka. Makatani a chaka chomwe Onika anamaliza sukulu. Chipinda chake chinasanduka nkhokwe ya mwamuna wanga Compton: matayala awiri, mawailesi atatu osalankhula, injini ya boti lomwe sitinakhalepo nalo.

Ndalama ya chipereganyu ndalandira dzulo. Yochepa. Ndinaitana mmisiri wa penti, anatchula mtengo, ndinamupatsa madzi akumwa n'kumuperekeza pageti.

Compton wadzipereka. Akuti, "Waveney, kupenta n'chiyani? Ine ndinapentapo sitima yapamadzi." Zaka makumi atatu za banja, sitima imeneyi ndaimva lero.

Loweruka, 7 Disembala

Kumsika. Nsalu ya makatani, yachikasu, yamaluwa ang'onoang'ono. Ndainenerera mpaka wogulitsa anandifunsa ngati ndikufunanso malaya omwe wavala.

Ndaibweretsa pansi pa dengu, pamwamba nthochi ndi chinangwa. Makatani saonetsedwa tsiku la 24 lisanafike, aliyense amadziwa. Aneba anga a Dularie anali pampanda kale, khosi ngati la kakowa. "Aneba, nthochizo zikulemera choncho bwanji?" Chaka chatha ndinangotchula kuti ndikuganiza zobiriwira, pa Khirisimasi mawindo awo onse biriwiri. Ulendo uno ndisokera kuchipinda, chitseko chotseka, wailesi ndakweza kuti makina asamveke.

Lachiwiri, 10 Disembala

Katundu yense watsika. Mipando, tebulo, kabati ya magalasi, zonse zili pansi pa nyumba yathu yam'mwambayi, pakati pa mizati yoichirikiza. Odutsa mumsewu akuona chilichonse chomwe tili nacho, ndi chomwe tilibe.

Penti sitinagule. Compton wazungulira abale kupempha zotsala: theka la chitini cha buluu kwa mchimwene wake, wapinki kwa msuweni, wachikasu wotsala pa boti la mnzake wosewera naye domino. Palibe chokwanira chipinda. Ndiye wathira zonse mundowa imodzi n'kutakasa ndi mpini wa tsache.

Chipinda cha Onika tsopano chili ndi mtundu wa madzi a m'ngalande mvula ikagwa. Compton waima pakhomo, manja m'chiuno, akuti, "Kunjatu mitundu yake ndi yomweyi, iwe sudziwa." Ndamufunsa ngati anakaiona paulendo wa sitima ija. Sanadye nane masana.

Lachisanu, 13 Disembala

Ndagula chitini cha penti woyera ndi ndalama yomwe ndinasungira nyama ya pepapoti, ndiwo yathu ya pa Khirisimasi. Chipinda ndabwereza ndekha, kawiri. Ngalande ikuonekerabe pang'ono dzuwa likawomba, koma kabati ibisa.

Neti yatsopano ya udzudzu, yapinki. Matiresi ndawomba, ndayanika. Injini ya boti yatuluka, Compton akuiperekeza ngati maliro.

Ndikupenta pafupi ndi windo ndinakumbuka tsiku lomwe Onika ananyamuka. Ndinamuuza kuti, "Pita, chisanu chikakakutopetsa usadzandipeze ine." Kubwalo la ndege sindinapite. Ndinkati akutaya ntchito yabwino ya unamwino chifukwa cha mwamuna. Mwamunayo anadzapitadi zake, ine n'kukhala wolondola. Kulondola kwakeko sindinadye nako kanthu. Chiyambire pamenepo mafoni athu ndi a nyengo ndi mankhwala a BP basi.

Msana ukuwawa. Penti m'tsitsi.

Lolemba, 16 Disembala

Tsiku la vanishi. Matabwa a pansi pabalaza, mipando itatu ing'onoing'ono, ndi mpando waukulu wa malemu bambo anga, wamikono italiitali uja.

Ndinapereka ndalama ya magaloni awiri. Compton wabwera ndi galoni imodzi yopanda dzina, akuti wagula kwa munthu wina pakona ya msika. Chenji sindinachione, koma mpweya wake ukununkha kumene chapita. Akuti imodzi ikwana akaichulukitsa. Wathiramo palafini, botolo lathunthu. Ndinati tiyambe tachotsa polishi wakale. Akuti, "Polishiyo ndi maziko."

A Dularie anakuwa ali pampanda: "Aneba a Compton, vanishi ndi mvula ya Disembala sizimwerana madzi!" Compton akuti ndi nsanje.

Kunena zoona, pakuwala. Ndadziona nkhope pamatabwa. Akuti mawa m'mawa pakhala pouma gwa.

Lachiwiri, 17 Disembala

Mvula. Sipanaume.

Lachinayi, 19 Disembala

Mvula. Sipanaume. Pabalaza pagwira ntchentche zosawerengeka, abuluzi awiri, ndi patapata mmodzi wa Compton yemwe anati akungoyesa. Wakumanzere. Ali pakatikati, palibe angamufikire.

Kuchipinda tikudutsa pathabwa lomwe tayala kuchoka pakhomo. Ine, mayi wa zaka makumi asanu ndi mphambu zisanu ndi ziwiri, wa m'kwaya, kuyenda pathabwa m'nyumba mwanga manja nditatambasula. Tikudyera pansi pa nyumba, nkhuku zikutiyang'ana m'kamwa.

A Dularie abweretsa fani yawo osapemphedwa. Anakwera masitepe maso akusakasaka makatani, koma ataona patapata uja anaseka mpaka kukhala pansi. Kenaka anandigwira dzanja. "Aneba, mwana akubwera kwa mayi ake, sakubwera kwa matabwa." N'zosavuta kunena ukakhala munthu amene ana ake onse amakhala kuseri kwa nyumba yake.

Masiku asanu. Ndalira pang'ono kubafa.

Loweruka, 21 Disembala

Samva za anzake uja, Compton, wagwada tsiku lonse ndi chitsulo chopalira, kuchotsa maziko ake aja. Ine pambuyo ndi chiguduli. Cha masana anati, "Mwina palafiniyo ndi amene anali wabodza." Ndinatuluka kuti ndisachimwe.

Matabwa atsala amawangamawanga. Ndagulitsa abakha awiri, ndagula kapeti yapulasitiki yamabokosi ofiira. Yabisa zonse. Ukaponda imalira pang'ono, koma ndani amamvetsera pansi.

Mipando tayanika pakhonde, fani ya aneba ikuiwomba.

Lolemba, 23 Disembala

Keke yakuda yapsa bwino, nyumba yonse fungo la mowa wa ramu ndi palafini. Pepapoti ali pamoto, nyama yochepa, msuzi wambiri. Mipando itatu yauma. Waukulu uja ayi, ndinaugusa ndi chala, chala chinatsalira. Compton anaupaka kawiri, akuti poulemekeza.

Onika waimba foni ali pabwalo la ndege kwawoko. "Mami, tikatsika tidzera kwanuko ola limodzi, takisi idikira, kenako tipite tikapume." Kwanuko. Ola limodzi. Milungu itatu ya msana wanga, abakha anga awiri.

Ndinati chabwino, mwanangu. Pakamwa panga pamangodziwa mawu amenewa.

Lachiwiri, 24 Disembala

Makatani akwera m'mawa. A Dularie akweza awo nthawi yomweyo. Achikasu, amaluwa ang'onoang'ono. Akuti anaona tiulusi pa diresi langa tsiku lina. Ndilibe mphamvu zokwiya.

Afika. Ndilemba ndikapeza mpata.

Lachinayi, 26 Disembala

Onse ali kwa aneba kukadya roti, buledi wawo wopyapyala uja. Ndilembe msanga.

Anafika cha m'ma 3 koloko masana. Onika wanenepa pang'ono, tsitsi lalifupi, buluku loyera mbee. Kezia kumbuyo kwake, atagwira mwendo wa mayi ake, mphumi ya bambo anga yeniyeni. Tinakumbatirana ngati anthu okumana pamaliro a munthu wakutali. Masutikesi anatsala m'takisi, dalaivala injini osazimitsa.

Onika anayang'ana makatani, kapeti, makoma. "Mami, mwavutikiranji chonchi?" Kenaka anayang'ana wotchi.

Ndinati khala pansi, mwanangu, ndikudulire keke. Anakhala pampando waukulu. Anadya, anayamikira, anafunsa za BP. Dalaivala analiza hutala. Onika anati, "Tiyeni Kezia, tsanzikani agogo." Anagwira mikono ya mpando kuti adzuke.

Mpando unadzuka naye.

Anakhalanso. Anayesanso. Phokoso lake ngati ukung'amba nsalu pang'onopang'ono. Kezia, yemwe anali asanatsegule pakamwa chifikire, anakuwa kuti, "Mami amatidwa!" n'kugwa pakapeti ndi phwete. Compton anathamanga kukagwira miyendo ya mpando, akuti, "Dzuka mwamphamvu kamodzi, ine ndagwira kuno!" Onika akuti, "Dadi, mwapakanso inu eti? Mwapaka inu!" Apo n'kuti akuseka misozi ili mbwembwembwe. Kuseka kwake kwa paubwana, kofwenthera kuja. Ndinali nditakuiwala.

Anamatuka, koma kumbuyo kwa buluku kunali mpando wonse wojambulika, ndi ntchentche ziwiri. Kulowa choncho m'takisi ya munthu sizikanatheka, dalaivala mwiniwake atasuzumira anakaniratu. Compton anakweza sutikesi imodzi kuti Onika asinthe. Zovala zake zinapezeka kuti zili mu inayo. Anakweza inayo. Pamene ankasintha, Kezia anapeza neti yapinki, analowamo nati ndi nyumba yake, mphindi khumi zisanathe tulo. Mwana wayenda ulendo wautali, umudzutsa bwanji? Dalaivala analipidwa, anapatsidwa keke, anapita.

Agona muno masiku awiri tsopano. Udzudzu waluma Kezia kamodzi, pachala, akuonetsa aliyense.

Tsono ndilembe zomwe sindinauze munthu. Mpando uja ndinaugusanso m'mawa wa pa 24. Ndinkadziwa. Ndinauchotsa pakhonde ndekha, ndinauika pamalo abwino pafupi ndi windo. Mipando itatu youma ija ndinaikapo mbale za keke ndi matambula. Compton wapepesa kwa mwana wake kanayi. Mulungu andikhululukire, Compton adikire kaye.

M'mawa uno ndinamupeza Onika pansi pa nyumba, akupukuta buluku lija ndi palafini. Sanatembenuke. Anati, "Mami, mpando wa agogo uja simunalolepo munthu kukhalapo. Ngakhale abusa munkawapatsa wina." Ndinati sopo ali pamwala apo. Iye anati, "Mwandikola ndi ulimbo ngati mbalame. Mukanangondipempha."

Ndikanapempha bwanji, ine amene ndinati pita? Ndinamuuza choncho. Ndinanena ndi pakamwa panga, kuti mawu aja ndinalakwa, kuti kubwalo la ndege ndinavala kale nsapato koma mtima unauma. Anasiya kuchapa. Tinaima pamenepo, manja onse palafini, nkhuku zikudutsa m'miyendo. Kenaka ndinapempha. Ndinati khalani konkuno mpaka tsiku lobwerera.

Anapukuta m'maso ndi mkono, anati, "Tione kaye ngati bulukuli liuma."

Anandipatsa kuti ndiyanike. Ndaliyanika kumbali ya kunyanja, kumene mvula imawombera.